Mtanda wa Bolopeni

Pamkono wanga wamanja, chakumkati, pamene anamwino amagwira akafuna kumva kugunda kwa mtima, pali kamtanda kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Munthu wosayang'anitsitsa sangakaone, poti khungu langa n'lakuda ndipo kamtandako n'kakudanso. Koma kwathu ku Mitundu anthu ali ndi maso. Sabata isanathe chibwerereni, nkhani inali itafika kale kwa akulu a mpingo kuti mayi uja anapita ku Dubai wabwerako ndi chizindikiro. Ndafotokoza pakamwa mpaka kutopa, ndiye ndangoti ndilembe mmene kanabwerera.

Ndinachoka mwana wanga Tadala ali Sitandade 5. Bambo ake anali atatchona kale ku Joni, choncho ndinamusiya m'manja mwa amayi anga. Tsiku lonyamuka silinali ndi zambiri. Amayi anandiperekeza mpaka pa siteji, anandipatsa mtedza wokazinga m'kajumbo, n'kunena kuti ndikakhale bwino ndi anthu. Tadala anali kusukulu, sitinamuuze tsiku lake. Ejenti wa ku Lilongwe anali atandiuza kuti ndikukalera mwana. Nditafika, mwana amene ndinamupezayo anali wa imvi mutu wonse, mano atatsala owerengeka.

Fulati yathu inali ku Dubai Marina, m'mwamba kwambiri moti patapita masiku ochepa ndinasiya kusuzumira pawindo. Mabwana anga anali a ku Ejipito. Ine dzikolo ndinkalidziwira m'Baibulo, la Farao, achule ndi dzombe, ndipo sindinkaganiza kuti kuli Akhristu. Koma m'nyumbamo munali zithunzi za Maria ndi anthu oyera a ndevu zazitali pakhoma lililonse. Madamu ankagwira ntchito ku famase, kuchoka m'mamawa kubwera madzulo. Amuna awo ankayang'anira zomangamanga ndipo ndinkawadziwira nsapato zawo pakhomo. Ntchito yanga inali amayi awo a Madamu. Tonse tinkawaitana Teta, ndiye kuti agogo m'chilankhulo chawo.

Teta mutu unali utabwerera ku umwana. Anaiwala kuti amuna awo anamwalira, anaiwala kuti ali ku Dubai, nthawi zina ankafunsa Madamu ngati amayi awo abwerako kuchitsime. Koma chinthu chimodzi sanaiwale. Ali mtsikana, amayi awo anawalangiza kuti asamadye chochokera m'dzanja la munthu amene sakumudziwa. Tsono poti nkhope zonse zinali zitawathawa, anali ndi njira yawo yodziwira munthu. Ukawabweretsera chakudya ankakugwira mkono, n'kuutembenuza, n'kuyang'ana. Akhristu a kwawoko, amene amatchedwa Akoputi, amatema ana awo kamtanda pamkono akadali makanda. Madamu anali nako, amuna awo anali nako, Teta eni ake anali nako kofwifwa ndi ukalamba. Akakaona ankatsegula pakamwa. Akapanda kukaona ankakankha mbale n'kuyang'ana khoma.

Atsikana awiri anali atachoka kale pa nyumbayo chifukwa cha nkhani yomweyi. Teta anali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala awo ankafuna chakudya m'mimba. Tsiku lonse akakhala osadya ankayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira. Masabata oyamba Madamu ankathawa kuntchito masana kudzawadyetsa, ine nditaima pambali nditagwira thaulo. Zimenezo sizikanapitirira. Tsiku lina anandiuza bwinobwino, mosakalipa, kuti tiyese mwezi umenewo, zikakanika andibwezera ku ofesi ya ejenti. Ndinangoti chabwino Madamu. Ndinkadziwa kuti ofesi ya ejenti ili pafupi ndi bwalo la ndege.

Tsiku langa lopuma ndinkakwera sitima ya Metro kupita ku Deira. Kumeneko, kuseri kwa mashopu a zonunkhira, kunali kafulati kamene ankagona amayi asanu ndi atatu, Amalawi ndi a ku Zambia, mabedi osanjikizana. Tinkakumana mmenemo kupemphera, kulukana tsitsi ndi kudyera mabwana athu miseche. Mwini mawu mmenemo anali Esnart wa ku Chipata, amene ankakonza zipinda ku hotela. Ndinamufotokozera vuto langa akundiluka, mutu wanga uli pakati pa mawondo ake.

"Manje vuto ili pati?" anatero. "Ba gogo bafuna mtanda, bapase mtanda. Ulibe bolopeni?"

"Limenelo ndi bodza, Esnart. Kunamiza munthu wamkulu, wodwalanso."

"Iwe sindiwe Mkhristu?"

"Ndine."

"Manje bodza ili pati? Ulemba chabe vamene vili mumtima. Khalas, basi, leta kwanja."

Anatenga bolopeni yakuda m'chikwama mwake n'kundilemba kamtanda, timadontho kunsonga zake, monga ndinamufotokozera. Onse anaseka, inenso ndinaseka. Pobwerera m'sitima ndinabisa mkonowo m'khwapa.

M'mawa mwake ndinabwereza mizere ija, n'kutenga nyemba zosinja ndi buledi kupita nazo kwa Teta. Anandigwira mkono, anautembenuza, anauyandikiza kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali moti supuni inayamba kundilemera. Kenaka ananena mawu amene sindinawamve, n'kutsegula pakamwa. Anatsiriza mbale yonse. Madamu atabwera masana anapeza amayi awo akuwodzera, mbale ili mbee. Ndinawaonetsa mkono. Sananene kuti n'zabwino, sananenenso kuti n'zoipa. Mawa lake anabwera ndi paketi ya mabolopeni akuda n'kuisiya pa bedi langa.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inkayamba ndi kulemba. Ndikasamba, ndinkapukuta mkono bwinobwino, n'kulemba ndi dzanja lamanzere. Poyamba mtanda unkatuluka wopindika, koma dzanja linazolowera. Mbale ndinkatsuka nditavala magolovesi. Ndikawasambitsa Teta ndinkalembanso. Kumeneko kulibe dzinja loti n'kuwerengera zaka, ine ndinkawerengera makalasi a Tadala. Anachoka Sitandade 5, anafika 8, analemba mayeso, anasankhidwa kupita kusekondale, ine ndikulembabe mtanda m'bafa la anthu.

Sindinganene kuti Teta ndinkawakonda ngati amayi anga. Inali ntchito. Koma munthu amene umamusambitsa tsiku ndi tsiku umamudziwa kuposa abale ake. Ndinkadziwa kuti tiyi amamufuna wakuda, shuga atabisika, ndiponso kuti akayamba kupinda nsonga ya bulangete ndiye kuti akufuna kuchimbudzi. Iwo ankandiitana ya binti, mwana wanga wamkazi. Chimene sichinandichoke ndi kamtima kogunda m'mawa uliwonse pamene ankatembenuza mkono wanga. Ankandikhulupirira chifukwa cha inki.

Ndikamayankhula ndi akumudzi pa foni ya kanema, mkonowo ndinkauika pansi pa tebulo. Mpingo wathu nkhani ya mphini suimva. Ndili mtsikana ndinaona mayi wina akuimitsidwa mgonero chifukwa anakatemetsa mwana wake kwa sing'anga. Komanso ndinkadziwa zimene anthu amanena za ife opita kunja, kuti ndalama za kumeneko sizibwera zokha, munthu amayamba walowa kaye zinazake n'kupatsidwa chizindikiro. Ndinkadzitonthoza kuti changa n'chochoka ndi sopo.

Tadala ali Fomu 1, kunabwera uthenga wochokera ku Ejipito. Teta anali ndi mchimwene wawo wamng'ono, mmonke, wokhala m'nyumba ya amonke kufupi ndi mzinda wa Luxor. Iyenso anali atakalamba, ndipo anapempha kuti aonane ndi mlongo wake onse akadali ndi maso. Madamu anaganiza zopita pa nthawi ya chikondwerero cha pachaka cha kumeneko. Ine sanandifunse ngati ndikufuna kupita. Teta sakanayenda opanda manja, ndipo manjawo ndinali ine. Nditamuuza Esnart anati, "Ukamuona Farao, umuuze ati tikali kuumba njerwa."

Tinafika ku Luxor kukutentha mtundu wina. Kutentha kwa ku Dubai kumakhala kwachinyontho, ndipo umakuthawira m'nyumba. Kwa ku Luxor n'kouma, kumalowa m'mphuno. Tsiku lachiwiri Madamu anati tipite ku mabwinja a kachisi wakale wa ku Karnak. Teta anakulira m'mudzi wina chapafupi, ndipo ali mwana ankapitako ndi abambo awo. Madamu ankayembekeza kuti mwina akaona malowo china chake chidzuka m'mutu.

Anthu amandifunsa kuti kumeneko ndinaonako zotani. Zoona zake n'zakuti wokankha chikuku amayang'ana pansi. Ndinaona miyala yosalala ndi mapazi a anthu, mipata imene matayala ankakodwamo, ndi mchenga umene unkandikakamiza kukoka chikuku chobwerera m'mbuyo. Nditakweza maso tinali pakati pa zipilala zonenepa, zoti anthu asanu ndi mmodzi ogwirana manja sangazungulire chimodzi, zambirimbiri, denga kulibe. Chilichonse chinali cholembedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba: mbalame, njoka, maso, anthu a mitu ya nkhosa. Bambo wotiongolera ankatchula mayina a mafumu motsatizana, Madamu akugwedeza mutu. Teta sanadzuke m'mutu. Anayang'ana zipilala mmene ankayang'anira firiji ya ku Dubai, n'kufunsa ngati amayi awo abwerako kuchitsime.

Pakhoma lina wotiongolera anatisonyeza mtanda wogobedwa pambali pa zithunzi zakalezo. Anati Akhristu oyambirira a kumeneko anapeza kachisi atasiyidwa, n'kusandutsa chipinda china chopemphereramo. Anagoba mitanda yawo, ndipo milungu ina anaikanda nkhope. Madamu anaugwira mtandawo n'kupsompsona zala zawo. Ine ndinauyang'ana ngati munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo ndinaona kuti wogobayo dzanja lake silinali lowongoka kwenikweni.

Madamu anafuna kuona dziwe lina chakutsogolo kumene chikuku sichikanafika. Anatisiya mumthunzi wa chipilala. Moyang'anana nafe panali chithunzi cha munthu atanyamula timbale tiwiri m'manja, akupereka kwa wina wokhala pampando. Wotiongolera anali atanena kuti ndi mfumu ikupereka nsembe kwa mulungu wake, ndipo papita zaka zikwi chigobereni. Ine ndinangoona kuti wapampandoyo sanalandirebe mbalezo.

Milomo ya Teta inali itauma. Ndinatsegula botolo la madzi n'kuwayandikizira. Anandigwira mkono monga mwa masiku onse. Koma ndinali nditakankha chikuku padzuwa kwa maola awiri, thukuta likuyenderera mpaka m'zala. Mtanda unali utasungunuka, watsala chibanga chakuda chotsetsereka. Teta anayang'ana. Kenaka anachita chimene sanachitepo zaka zonsezo. Ananyambita chala chachikulu n'kupukuta pamkono wanga. Inki yonse inapita pachala chawo. Anayang'ana chalacho, anandiyang'ana ine, n'kufunsa m'Chiarabu funso limene ndinkalidziwa bwino poti ankalifunsa alendo onse: "Ndiwe yani?"

Ndinachita zopusa. Ndinatulutsa bolopeni m'chikwama n'kuyamba kulemba pomwepo, iwo akuona. Pakhungu lonyowa inki inakana. Teta anakankha botolo, madzi n'kutayikira pamiyala, ndipo anauma ndikuyang'ana. Ndinaima pamenepo ndi bolopeni m'manja mpaka Madamu anabwera n'kuwamwetsa okha.

"Musadandaule," ndinatero pobwerera kuhotela. "Pofika madzulo akhala ataiwala."

"Inshallah," anatero Madamu.

Munthu amene ankaiwala dzina la mwana wake, izi sanaiwale. Madzulo ndinalemba mtanda wabwino kwambiri. Ananyambita chala, anapukuta, anakankha mbale. M'mawa chimodzimodzi. Madamu anakagula maka, cholembera cha inki yosafufutika. Teta anapukuta ndi malovu osachoka, ndiye anatsegula kachikwama kawo, anatulutsa kabotolo ka mafuta onunkhira mandimu amene ankayenda nawo kulikonse, anadonthezera pa kansalu n'kupukutanso. Maka ija inachoka. Anandionetsa kansaluko. Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

Ku Ejipito kunalibe vuto, Madamu analipo tsiku lonse. Vuto linali kutidikira ku Dubai, ndipo tonse awiri tinkalidziwa. Tili m'galimoto kupita kwa amonke, Madamu anayankhula akuyang'ana pawindo.

"Tikabwerera ndiona chochita. Mwina ndipeze mtsikana wa kuno, wa mpingo wathu."

"Ndamva, Madamu."

"Si kuti walakwa. Wawasamala bwino amayi anga."

"Ndamva."

Za kutema sananene ngakhale liwu limodzi. Ndikulemba zimenezi chifukwa kwathu ena akuti anandikakamiza.

Tinaoloka mtsinje wa Nailo, tinadutsa minda ya nzimbe ndi abulu okoka ngolo. Kenaka zobiriwira zinangothera pamodzi ngati adula ndi mpeni, n'kuyamba chipululu. Nyumba ya amonke inali patsinde pa phiri louma, yozingidwa ndi khoma lalitali la dothi, madenga ake ozungulira ngati miphika yovundikira. Chifukwa cha chikondwerero kunja kunali anthu ochuluka, matenti, ogulitsa makandulo ndi nandolo zouma, nkhosa zomangirira kumagalimoto. Pachipata panaima amuna awiri. Aliyense wolowa ankangokweza mkono wamanja kuonetsa kamtanda osafunsidwa, ngakhale ana. Tsiku limenelo sindinalembe kanthu. Ndinagwira chikuku ndi manja onse awiri, Madamu n'kuwauza kuti ndili nawo limodzi.

Tinavula nsapato pakhomo la tchalitchi. Mkati munali mdima ndi fungo la lubani, makapeti akutha ndi mawondo a anthu. Mchimwene wa Teta anatipeza m'kachipinda ka alendo. Anali wamfupi, wovala zakuda, kachipewa kopetedwa timitanda, ndevu zoyera zofika pachifuwa. Onse ankamuitana Abuna, ndiye kuti bambo wathu. Anagwada movutikira patsogolo pa chikuku n'kuitana mlongo wake dzina la paubwana. Teta sanamudziwe. Anamugwira mkono, anautembenuza, ananyambita chala n'kupukuta. Abuna anaseka, misozi ikutsikira m'ndevu. Anatenga buledi wozungulira wodindidwa mitanda amene amaphika kumeneko, ananyema, Teta n'kudya kuchokera m'dzanja lake.

Anafunsa kuti kupukutako kwayamba liti, ndipo Madamu anamufotokozera zonse m'chilankhulo chawo. Mawu oti bolopeni m'Chiarabu sindinkawadziwa, koma ndinaona Madamu akulemba m'malere pamkono pawo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kunamiza gogo m'fulati ndi nkhani ina, kuululidwa pamaso pa munthu wa Mulungu ndi inanso. Abuna anandiitana ndi dzanja. Ankadziwa Chingerezi pang'ono.

"Wakhala ukulemba nthawi yaitali bwanji, mwana wanga?"

"Zaka, Abuna. M'mawa uliwonse."

"Ndi dzanja lamanzere?"

"Eya."

Anayang'ana pamkono wanga pamene panatsala kamthunzi ka maka. "Wangawu anandilemba kamodzi, ndili khanda, ndipo amati ndinalira tsiku lonse," anatero. Anandipatsa chidutswa cha buledi uja. Sanandidzudzule, sanandiuzenso chochita.

Madamu anatsala m'tchalitchi kupemphera, ine ndinatulutsa Teta kuti apitidwe mphepo. Ndinawakankhira kumthunzi wa tenti ina kunja kwa chipata, osadziwa kuti ndi tenti yanji. Munali bambo wachikulire atakhala pa kampando, m'manja muli kamakina kolira ngati njuchi, patsogolo pake mzere wa amayi onyamula makanda. Mmodzi ndi mmodzi ankagwira kamkono ka mwana, makina n'kulira, mwana n'kulira, kenaka thonje, wina n'kubwera. Mmenemo ndi mmene ankatemera mitanda.

Teta, amene zipilala za Farao sizinawadzutse, anadzuka. Anawongoka m'chikuku, maso ali gwa. Anandigwira mkono, koma ulendo uno sanautembenuze. Anayamba kuukoka, akuloza tenti, akukalipa mawu ambirimbiri. Amayi a pamzere anatembenuka, ena akuseka. Madamu anatipeza zili choncho.

"Akuti chiyani, Madamu?"

Anazengereza. "Akuti amayi ako ndi osasamala. Mwana wamkulu chonchi kumusiya osamutema. Akuti usaope, akugwira okha." Kenaka anawonjezera, "Usachite chifukwa cha ine. Ukudziwa kuti sichichoka."

Ndinkadziwa. Ndinaganiza za akulu a mpingo kwathu, za mayi uja anaimitsidwa mgonero, za alamu anga amene nkhani siigona m'kamwa mwawo. Ndinaganizanso za Tadala amene anali atangoyamba sekondale, ndi za mtsikana wachilendo amene sakanadziwa tanthauzo la kupinda nsonga ya bulangete. Anthu amafuna ndiwauze ngati ndinachita chifukwa cha chikhulupiriro, kapena chifukwa cha ntchito, kapena chifukwa cha chisoni. Sindinazilekanitse tsiku limenelo ndipo mpaka lero sindinathe. Kunkatentha, ndinali nditatopa ndi kulemba, ndipo gogo anali atandigwira mkono osafuna kuusiya.

Amayi a makanda anandipatsa malo kutsogolo. Ndinagwada pamchenga pambali pa chikuku, mkono wanga uli pamiyendo ya Teta. Bambo uja anasintha singano ine ndikuona, anapukuta khungu, anafunsa Madamu kanthu kena, mwina ngati ndikudziwa chimene ndikuchita. Teta anandipana ndi manja onse awiri, mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kotonthozera mwana. Zinawawa ngati kulumidwa ndi mavu pamalo amodzi mobwerezabwereza. Sindinalire. Zisanafike poti ndingalire anali atamaliza.

Teta anayang'ana thonje lija, n'kundisisita pamutu. Anatenga kachidutswa ka buledi wa Abuna kamene kanatsala pamiyendo pawo n'kundiika m'kamwa. Ndinatafuna, anthu akuonerera. Kenaka ndinatsegula botolo la madzi n'kuwapatsa ndi dzanja lomwelo. Anamwa theka la botolo osapumira.

Titabwerera ku Dubai ankapukutabe, poyamba ndi malovu, kenaka ndi mafuta a mandimu aja, chilonda chisanapole n'komwe. Ndinkangoluma mano. Patapita miyezi anasiya kupukuta, kenaka anasiya ngakhale kutembenuza mkono. Mabolopeni otsala ndinakawagawa ku Deira. Esnart anaugwira mkono wanga, anauyang'ana uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Iwe mwana, ine ninakamba bolopeni. Sininakambe singano."

"Zachitika, Esnart."

"Manje kumunzi uzakambako chani?"

Ndinati ndidzaona konko. Ananditchula kuti Mkoputi wa ku Mitundu, ndipo dzinalo linakhala mpaka tsiku limene anandiperekeza ku bwalo la ndege.

Teta anakhala chaka china ndi miyezi ingapo. Chakumapeto ankangolandira chambiko cha m'kapu, masupuni awiri kapena atatu, ndipo ankalandira kwa ine ndekha. Ngakhale Madamu ankawakana. Anamwalira m'mawa wina nthawi yozizira, ine ndikuwasintha malaya. Maliro anapita nawo ku Ejipito. Ine ndinatsala kukolopa fulati ndi kulongedza zovala zawo m'makatoni. Madamu atabwera anati andipezera nyumba ina kwa anzawo a kutchalitchi, poti tsopano ndinali wosavuta kulandiridwa. Ndinathokoza, n'kunena kuti ndikufuna kupita kwathu.

Ndinapeza nyumba ya amayi ili ndi malata, ndipo Tadala atanditalikira. Anandigwadira pondipatsa moni, mwaulemu wonse, monga amachitira kwa alendo. Akafuna kanthu ankapempha agogo ake. Sindinamuimbe mlandu. Kamtanda anakaona ndi alamu anga, tsiku lachitatu, akundithirira madzi osamba m'manja. Anangothira madzi nthawi yaitali kuposa mmene amafunikira.

Akulu a mpingo anandiitana Loweruka lake. Ndinawafotokozera zonsezi, za Teta, za bolopeni, za amonke. Anamvetsera bwino. Mmodzi anati sanamvepo kuti ku Igupto kuli Akhristu. Wina anati mtanda ndi mtanda, koma kutema ndi kutema, ndipo akalekerera ine, mawa aliyense adzabwera ndi mphini zake n'kumati ndi mtanda. Anagwirizana kuti ndiyambe ndaima kaye pa mgonero mpaka afufuze. Zinandipweteka, sindibisa. Pa tsiku la mgonero ndimakhala kumbuyo ndi ana. Mpaka pano akufufuzabe.

Amayi anga sanalowerere nkhaniyi. Maso awo anayamba kuchita nkhungu ine ndili kunja, ndipo masiku ano amangokhala pakhonde kuswa mtedza, ntchito imene zala zimaidziwa zokha. Iwo ali ndi mphini zawo m'mbali mwa maso, zimene anawatema ali mtsikana chifukwa cha mutu waching'alang'ala, kalekale asanabatizidwe. Masana ena ndinakhala nawo pamphasa kuwathandiza. Mwadzidzidzi anasiya mtedza n'kunena kuti, "Tabweretsa mkono umene ukusokosa mudziwu."

Ndinawapatsa. Anautembenuza, anauyandikiza kumaso, ananyambita chala chachikulu n'kupukuta. Kenaka anayendetsa chalacho pang'onopang'ono pamizere yake.

"Anakutema bwino. Dzanja lake linali lopepuka," anatero. "Unkadwala chiyani?"

"Sindine ndinkadwala, amayi. Anali agogo aja ndinkawasamala."

"Odwala iwo, kutema iwe?"

"Eya."

Anaugwirabe mkono wanga m'manja mwawo. Nkhuku inabwera kudzaba mtedza, sanaithamangitse.

"Nanga anachira?"

"Ayi, sanachire. Koma ankadya."

Amayi anagwedeza mutu n'kundibwezera mkono wanga.

"Ndiye kuti mankhwala anagwira," anatero, n'kupitiriza kuswa mtedza.